Windo Lomwe Linatsala ndi Njerwa

Maganizo opita ku Joni anandibwerera tsiku limene tinamaliza kukhoma malata pa nyumba yathu. Makoma anali ataima, chitseko chinalipo, koma pamalo pa mawindo panali mabowo asanu, nyumba yonse ikuoneka ngati nkhalamba yoguluka mano. Nyengo yodula nzimbe ku esiteti inali itatha, thonje la chaka chimenecho linapserera m'munda, ndipo ndinaona kuti ndikangokhala, nyumbayo ikalamba isanathe.

Tinachita zimene aliyense kwathu kuno amachita. Tinatseka mabowowo ndi njerwa zomata ndi dothi, n'kusiya kampata pamwamba kolowera mpweya. Mudzi wathu uli kumunsi kwa Ngabu, ndipo amene anagonako mu Okutobala akudziwa kuti nyumba ya malata yopanda mawindo ndi uvuni. Ndinauza mkazi wanga Malita kuti apirire miyezi ingapo, ndalama yoyamba ikafika apite kwa wowotcherera zitsulo pa Ngabu akapangitse mafelemu.

Malita anali akupeta mapira pakhonde, mwana wathu Fati atakhala pambali pake. Kenako anati, "Mawindowo mudzaika ndinu, bambo a Fati."

Ndinaseka, ndimayesa nthabwala. Iye analoza ndi chibwano nyumba za m'mbali mwa msewu, zopaka penti, magalasi ali ngwee. "Onani izo. Zonsezo eni ake ndi matchona. Mwamuna akamaliza nyumba pa foni amaona ngati udindo wake watha, ndiye amakakwatira komweko. Nyumba ikatha, mwamuna sabwera. Ine yanga siitha mpaka mutabwera."

Ndinamuuza kuti ndi nzeru za anthu osayenda, ndipo ndinanyamuka ndili ndi mtima woti chaka sichitha.

Ku Joni ndinayamba monga amayambira Amalawi ambiri, ndi tsache ndi mpopi wothirira maluwa. Bwana wanga anali mzungu wokalamba amene antchito a mumsewu umenewo ankangomutcha Madala. M'galaja mwake munalibe galimoto. Munali thebulo lalikulu, ndipo pathebulopo panali dziko: timapiri, timilatho, timasiteshoni, ndi kasitima koyenda ndi magetsi kakukoka timabogi totalika ngati chala. Tsiku loyamba kuona zimenezi ndinati munthuyu mutu wasokonekera. Ine ndinakulira pafupi ndi njanji yeniyeni, yomera udzu ndi minga kuyambira pamene madzi anakokolola mlatho, mwana wanga anali asanaonepo sitima ikuyenda, ndiye apa munthu wa imvi akuliza kasitima m'galaja!

Koma sanali masewera okha. Madala ankapanga mawindo a timabogi timeneti n'kumagulitsa kwa nkhalamba zinzake za m'mayiko akutali. Manja ake anali atayamba kunjenjemera. Tsiku lina anagwetsa kabokosi, timawindo n'kumwazika pansi, ndipo ine ndinatitola kamodzikamodzi ndi kaudzu konyowetsa nsonga, monga tinkatolera nthanga za fodya tili ana. Anandiyang'ana manja nthawi yaitali, n'kundiuza kuti tsache ndilisiye.

Ntchito yake inali yotere. Ankapeza chithunzi chakale cha bogi, n'kujambula windo lake pa kompyuta, kuchepetsa mpaka likhale ngati chikhadabo cha kachala kakang'ono. Makina odula ndi kuwala ankadula timagalasi kuchokera pa pepala la pulasitiki loonekera, ndipo timafelemu tinali ta chitsulo chopyapyala ngati tsamba. Ine ndinkagwira kagalasi ndi kachitsulo kopanira, kukalowetsa m'kafelemu pansi pa galasi lokulitsa zinthu, n'kudontheza guluu ndi nsonga ya singano. Guluu akachuluka, windo limachita chifunga. Chala chikakhudza, lataika. Likapendekeka ngakhale ndi tsitsi limodzi, wogula amabweza. Patapita nthawi ndinaphunzira ngakhale kujambula, kudziwa ngodya zozungulira ndi zosongoka, ndipo sindibisa, ndinkanyada nayo ntchitoyo. Manja amene ankagwira chikwanje cha nzimbe anali atafewa ngati a mlembi.

Nditauza Malita pa foni kuti ndikupanga mawindo, anaseka mpaka kutsokomola. "Pyadidi, zabwino zedi! Ndiye Mulungu wakuphunzitsani ntchito ya kunyumba kwanu. Bwerani mudzaike."

Ndinatumiza ndalama ya mafelemu. Anagula mbuzi. Ndinatumizanso, ndikunenetsa kuti iyi ndi ya mawindo basi. Anawonjezera mbuzi n'kumanga khola. Chithunzi chilichonse chimene ankanditumizira, kumbuyo kwa Fati kunkaoneka khoma ndi njerwa zake zija. Tsiku lina Fati analanda foni n'kundiuza, "Ababa, m'nyumba mukuwotcha, timagona pakhonde, udzudzu ukutimaliza." Ndinakalipira Malita kuti akuzunza mwana chifukwa cha makani, kuti anthu azindinena kuti Joaki ali ku Joni koma akulephera kugula galasi. Anandisiya ndilankhule mpaka ndalama ya m'foni itatsala pang'ono kutha, kenako anangoti, "Nkhabe, sizitheka. Ndinanena kale."

Anthu amafunsa kuti nanga bwanji osangobwera. Funso limeneli ndi losavuta kwa munthu amene sanawolokepo malire. Mapepala anga anali atatha, ndipo ndinkadziwa kuti ndikatuluka, kulowanso ndi nkhondo. Madala nayenso chaka chilichonse ankakhala ndi oda yoti ithe kaye. Ndinkauza Malita kuti Disembala ndikubwera, Disembala n'kufika, ine n'kunena kuti Pasaka. Pakadafunda padajiwitsa galu.

Kusungulumwa kwa kumeneko sikusimbika bwino. Ndinkagona m'kachipinda ka kuseri kwa galaja. Lamlungu masana Madala akapita kwa mwana wake wamkazi, ndinkalowa m'galaja, kugwada pambali pa thebulo n'kumasuzumira m'timabogi kudzera m'mawindo amene ndinapanga ndekha. M'katimo munali tianthu ta pulasitiki titakhala pamipando, tikupita ulendo wozungulira thebulo. Ndinkatilankhula Chisena, chifukwa kunalibe wina woti ndilankhule naye. Munthu wamkulu, wa banja lake, ukufunsa chidole kuti chikutsikira pa Bangula kapena pa boma. Ndikakumbukira ndimachita manyazi, koma ndi mmene zinalili.

Pakati pa zaka zimenezo Malita anasiya kutchula za mawindo. Zithunzi zinkabwerabe: mbuzi, Fati atavala yunifolomu, mapira atacha. Khoma silinkaonekanso. Ine mtima unakhala pansi, ndimati watopa nawo mkangano. Mafoni athu anafupika. Moni, mvula, matenda, maliro a uje, basi.

Kenako maso anayamba. Poyamba kunali kuyabwa ndi misozi, ndimati ndi fungo la guluu. Kenako mizere iwiri pamene pali umodzi. Ndinayamba kupendeketsa mawindo osadziwa, maphukusi n'kumabwezedwa. Ku chipatala anandipatsa mandala n'kundiuza kuti diso lakumanja silibwereranso mwakale, ndipo lakumanzere ndilisunge posiya ntchito ya tinthu ting'onoting'ono. Madala sanandithamangitse mwachipongwe. Iyenso anali atatha, mwana wake anali kukonza zogulitsa makinawo. Anandipatsa kabogi kamodzi kobiriwira, kokhala ndi mawindo amene ndinapanga maso anga akadali akuthwa, n'kundigwira dzanja nthawi yaitali.

Choncho sindinganame kuti ndinabwerera chifukwa cha chikondi chokha. Chinandithamangitsa kumeneko ndi maso, ndipo ulendo wonse m'basi ndinkadziwa kuti Malita achidziwa chimenechi asanandipatse n'komwe madzi akumwa. Chimene ndinkadalira chinali chimodzi: njerwa zija. Ndinkati malinga zikadalipo, malo anga m'nyumbamo akadalipo. Makani amene ndinkamutukwanira aja ndi amene tsopano ndinkawapempherera.

Minibasi itatsika phiri la Thabwa, kutentha kwa kwathu kunandilandira kukhosi. Pa Ngabu ndinakwera kabaza, n'kuuza mwini njinga kuti andisiye kwa a Joaki. Anapukusa mutu kuti sakuwadziwa. Nditalongosola njira anati, "Aa, mukunena kwa mayi a mbuzi aja? Nyumba ya mafelemu a buluu?"

Ndinati ayi, imeneyo ndi ina. Koma titakhota pa mtengo wa masawu, dzuwa linamenya chinthu chonyezimira kutsogolo, ndipo ngakhale diso langa lachifunga linachiona. Linali galasi. Mawindo awiri kumaso kwa nyumba, lina m'mbali, lina kukhitchini. Ndinangokhalabe panjinga ndikuwayang'ana, mpaka wakabazayo anandifunsa ngati ndikudwala.

Fati anatuluka, atatalika kufika paphewa panga. Anagwada n'kundilonjera monga amalonjerera mlendo wa ku mpingo. Malita anachokera kukhola akupukuta manja pachitenje. Sanathamange, sanalire, komanso sanakwiye. Anatenga chikwama changa n'kuti, "Mwafika. Maso ali bwanji?"

Titakhala pakhonde, ndinatulutsa kabogi kaja n'kupatsa Fati. Anakazunguliza m'manja, kusuzumira m'kati, kenako anayesa kukankha kawindo ndi chikhadabo.

"Amatseguka bwanji, ababa?"

"Satseguka. Timamata ndi guluu."

Malita anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Zaka zonsezi mumapanga mawindo osatseguka."

Fati atapita kukatunga madzi ndinafunsa funso limene linkandidya kuyambira pa mtengo wa masawu paja. Ndinafunsa ngati pali munthu wina.

"Munthu wina wa chiyani? Mukuona ngati mkazi amasiya kudikira pokhapokha pali mwamuna? Disembala woyamba ndinadikira. Wachiwiri, Fati anadwala malungo chifukwa chogona panja, anatsala pang'ono kutisiya. Ndinakuuzani kuti wagonekedwa m'chipatala, inu munatumiza ndalama. Atatuluka ndinagulitsa mbuzi, ndinagumula njerwa za pa windo la kuchipinda kwake ndekha ndi khasu. Kuyambira pamenepo, Disembala aliyense amene simunabwere ndinkagumula limodzi."

"Bwanji osandiuza?"

"Munafunsa?"

Sindinafunsepo. Ndinkakondwa kuti nkhaniyo yazizira, osadziwa kuti chimene chikuzizira ndi china.

Anaimirira n'kundiuza kuti ndimutsatire. Tinazungulira kuseri kwa nyumba. Mafelemu amene ndinadutsa anali opendekeka, owotchereredwa mwachisawawa, penti itadonthera pagalasi. Kwa Madala akanatayidwa onse. Koma anali otsegula, makatani akuuluka, ndipo m'kati munkamveka kamphepo ka kumtsinje. Kuseriko, pakhoma la chipinda chathu chogona, njerwa zinali zikadalipo, dothi lake litang'ambika, mavu atamanga chisa pa kampata kaja.

"Ili linali la Disembala akubwerayu," anatero Malita. "Felemu ndinapangitsa kale, ili kwa wowotcherera."

"Ndiye mukanaika?"

"Nyumba ikanatha."

Ananena mawuwa mofatsa, ngati akunena mtengo wa mchere, ndipo anandilasa kuposa kutukwana kulikonse. Ndinagwira njerwa imodzi, inali yogwedera. Ndinati ndigumula pompano, felemuyo ndikatenga mawa, ngakhale manambala a pa tepi yoyezera sindikuwaonanso, iye andiwerengera. Ndinkafuna kuti dzuwa lisalowe ndisanakonze chinthu ndi manja anga.

Malita anachotsa dzanja langa panjerwapo, osati mwaukali.

"Musafulumire, bambo a Fati. Sindikudziwa ngati mwabwera kwa ine kapena mwabwera kudzapumitsa maso. Ine ndimagona kwa Fati, chipinda ichi ndakusungirani. Windo limeneli mudzaika ndinu, monga ndinanenera. Koma mugonemo kaye Okutobala mmodzi, mudziwe nyumba imene munatisiyamo."

Papita miyezi tsopano. Ndimadyetsa mbuzi, ndimathandiza kumunda, ndipo anthu a m'mudzi akuzolowera pang'onopang'ono kuti kwa mayi a mbuzi kuli mwamuna. Fati wayamba kundiseka ndikaponda mbale ya nkhuku, chimene ndimachiwerengera ngati chiyambi. Malita amandipatsa chakudya, amandifunsa za maso, nthawi zina timakhala pakhonde kukamba za mitengo ya pa msika. Za mawa sitinakambe. Kabogi kaja kali pa windo la kwa Fati, penti yake yayamba kusuluka ndi dzuwa.

Wowotcherera wa pa Ngabu watumiza uthenga kawiri kuti felemu ikumutsekera malo. Ndamupempha kuti aisunge. Seputembala akutha, malata ayamba kulira masana, ndipo m'chipinda chija mpweya umalowera pa kampata kosakwana dzanja. Ndimadzuka mphasa itanyowa, kukhosi kutauma gwaa, ndipo Okutobala sanayambe n'komwe. Umu ndi mmene ndinawasiyira Malita ndi Fati. Sindinakhudzenso njerwa ngakhale imodzi.