Kuomba m'manja kwa ku Rodeshiya

Ndinakwera sitima pa Balaka ndili ndi sutikesi yachitsulo ndi langizo limodzi la mayi anga: "Kwa eni ake uziomba m'manja, sudzagona ndi njala." Ndinkapita ku Rodeshiya kukaphunzira zauphunzitsi, ine mnyamata amene ulendo wanga wautali unali wochoka kwa Kalembo kukafika pa Ulongwe.

Tsiku loyamba pasukulupo, wophika atandigawira chakudya, ndinaomba m'manja mopingasa, monga ankachitira mayi, poti bambo anamwalira ndili khanda. Ophunzira onse anafa nalo phwete. Ndinapsa mtima. Masiku onse aja m'sitima, n'kudzasekedwa chifukwa cha ulemu!

Ndinakadyera panja. Ananditsatira mnzanga wa m'kalasi, Mshona wamtali wokhala ndi mpata kumano. Chinyanja sankachidziwa, ndipo Chingelezi chathu tonse chinali chotsimphina. Anagwira manja anga n'kuwawongola kuti zala ziloze kutsogolo, nadziloza pachifuwa. Kenako anawapingasa, naloza mayi wina amene ankadutsa atasenza mtsuko. Apo ndinamva: kwawoko ndinali nditathokoza mwachikazi. Ndinaseka mpaka misozi.

Pa tchuthi ananditengera kumudzi kwawo. Bambo ake ndinawaombera mwachimuna, osaphonya. Koma mayi ake atandipatsa madzi akumwa, manja anga anapingasa okha. Palibe anaseka. Mayiwo anandiyang'anitsitsa n'kuyankhula, mwana wawo akumasulira:

"Uyu ulemu anaphunzira kwa mayi ake. Alowe, wafika kwa mayi enanso."