Ba Bornwell ndi Mbiri ya Mlongo Wawo

Aliyense amene tayala la njinga linamuphulikirapo pa Chinyunyu amawadziwa ba Bornwell. Amakhala pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa msewu waukulu, pampu pambali, beseni la madzi akuda loyeseramo machubu patsogolo. Anabadwira ku Petauke, makolo awo n'kusamukira kuno iwo akuyendabe opanda kabudula. Sukulu anaiyamba ndithu, koma anaisiya ali giredi thuu, akuti iwo ndi aphunzitsi sanamvane za nthawi yofikira. Amayi awo atamwalira, anawalera ndi mlongo wawo wamkulu, ba Jessy, amene mpaka ukalamba ankawaitana kuti "iwe" pagulu, imvi zili mbuu m'mutu.

Munthuyu anafika zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu osadziwa kuwerenga, ndipo ambiri sanazindikire. Mukawapatsa pepala ankaligwira patali, kutsinzina diso limodzi, kenako n'kunena kuti, "Zilembo za masiku ano n'zowonda, tandiwerengerani."

Chinawaulula ndi maliro a mnansi. Kuno munthu saikidwa popanda mbiri yake. Wachibale amaima kumutu kwa manda n'kuwerenga papepala kumene malemu anabadwira, ntchito zimene anagwira, ndi mayina a ana onse, amoyo ndi akufa omwe. Tsikulo pepala anapatsa mphwake wa malemu, womaliza giredi twelufu, amene chala chake pafoni chimathamanga kuposa minibasi ya ku Lusaka. Papepala zinavuta. Anapunthwa pa liwu lililonse, thukuta kamukamu, ndipo pofuna kumaliza msanga analumpha mzere wathunthu. Mumzerewo munali ana awiri a mkazi woyamba. Anawo ananyamuka asanaike maluwa, ndipo mpaka lero mabanja awiriwo akakumana pachigayo amayang'ana kumbali.

Pobwerera, ba Jessy anaima panjira kuti apume, chifuwa chikulira.

"Iwe, waona zachitikazi? Ine ndinabereka asanu ndi anayi, atatu ali m'manda. Ndifuna onse adzatchulidwe. Mbiri yanga udzawerenga ndiwe."

"Alongo, maso angawa mukuwadziwa."

"Maso ati? Amene amaona kabowo ka munga pachubu? Ndinakusambitsa ine, usandinamize. Chifuwachi sichindipatsa zaka zambiri. Pita ku shibukeni."

Shibukeni ndi sukulu ya akuluakulu. Inkakumana Lachiwiri ndi Lachinayi masana m'katchalitchi ka udzu, wophunzitsa ali ba Rachael, mphunzitsi wopuma pantchito. Ba Bornwell atasuzumira anapeza azimayi khumi ndi anayi, mwamuna palibe. Anazungulira katchalitchiko kawiri ngati akufunafuna mbuzi, mpaka ba Rachael anatuluka.

"Lowani, bambo. Mbuzi yanu ili m'kati muno."

Nkhani inafika kwa ba Oswell, Mbemba wogulitsa makala kutsidya kwa msewu. Abemba ndi a Kum'mawa ndi ambuya: amanyozana paliponse, pamaliro pomwe, ndipo wokwiya ndiye wagonja. M'mawa uliwonse ba Oswell ankafuula ali pamatumba awo.

"Ba mbuya, yunifomu mwagula? Mbewa zimene mwadya zija zinatafuna zilembo zonse m'mutumo, mungovutitsa aphunzitsi."

"Inu mumawerenga," ankayankha ba Bornwell osakweza mutu, "koma onani kumene kunakufikitsani. Wakuda ndani, inu kapena thumba?"

Ba Rachael sanayambe ndi mabuku a ana. Aliyense ankayamba ndi mawu a ntchito yake. Wa tomato analemba tomato, ba Bornwell analemba ndi choko tayala, unyolo ndi pampu pazidutswa za machubu akale, n'kuzipachika pamtengo wa mango. Mayiwa ankati ana a lero amakwera magiredi ngati masitepe, makumi asanu ndi anayi m'kalasi, buku limodzi, kunyumba kulibe ngakhale kapepala koti diso lizolowere. Choncho analamula kuti chimene waphunzira masana ukawerenge mokweza pakhomo, adzukulu akumva ndi kulondola chala. M'makomo ena zinadziwika kuti wa giredi faifi ndi agogo ake ali pamzere umodzi.

Ba Bornwell anayamba kuyeserera pa malole opita ku Chipata. Miyezi yoyamba lole linkazimiririka iwo ali pa chilembo chachiwiri. Njinga za anthu zinkachedwa. Wina anadikira theka la ola chifukwa makanika anali kulimbana ndi mawu apathumba la feteleza limene makasitomala amakhalira. Lamlungu lililonse ankapita kwa ba Jessy kukaonetsa pamene afika, ndipo mlongoyo, ali gone pamphasa, ankangoti, "Fulumira iwe. Ukuyenda ngati uli ndi nthawi."

Nthawi inalidi yochepa. Ba Jessy anamwalira mwezi wa Juni, patangopita chaka ndi miyezi inayi, ba Bornwell akuwerengabe ndi chala. Mwana woyamba wa malemu analemba mbiri masamba awiri, ndipo popereka anazengereza.

"Amalume, mukhoza? Akatekisiti alipo, musavutike."

"Bweretsa."

Kumanda anaima kumutu, jekete lobwereka, pepala lili m'manja. Anayamba. Ankatula liwu limodzi, kupuma, kutula lina, ngati woika mazira m'dengu. Dzuwa linakwera. Okumba manda anakhala pansi, akatekisiti anayang'ana wotchi kawiri. Atafika pa ana anatchula dzina, n'kudikira mwini wake akweze dzanja. Pa atatu akufa aja anatchula dzina ndi chaka, n'kukhala chete kaye. Onse asanu ndi anayi anakwana.

Asanapinde pepala, ba Oswell anatulukira m'gulu, ufa umene ambuya amapakana pamaliro uli m'manja, n'kuwapaka pamphumi.

"Anthu inu musanamizidwe. Uyu waloweza. Ana a mlongo wake angawaiwale? Mupatseni pepala limene sanalionepo."

Anthu anaseka ndi misozi m'maso, chifukwa mbuya saletsedwa. Ba Oswell analanda kwa akatekisiti mndandanda wa oika maluwa, wolembedwa m'mawa womwewo ndi bolopeni yotha inki, n'kuwaika m'manja. Apa ba Rachael, ali pakati pa azimayi, anagwira pakamwa. Zolemba za akatekisiti zimavuta ngakhale mwini wake.

Ba Bornwell anayang'ana pepalalo nthawi yaitali. Kenako chala chinatera pamzere woyamba.

"Ana a malemu."

Anabwera, anaika.

"Adzukulu. Azimayi a mpingo. Oyi... oyimba kwaya."

Gulu lililonse linkanyamuka likamva dzina lake, ndipo panalibe wowanong'oneza. Pamzere womaliza anaima, anaubwereza chamumtima, n'kukweza mutu, ufa ukuyoyokera pajekete.

"Apa alemba kuti ambuya. Ba Oswell, pukutani makala m'manjamo, mutenge duwa. Mlongo wanga anali waukhondo."