Nyimbo imene ankaidumpha

Mdzukulu wanga wamkazi anabwera kuchokera ku Limbe mpunga utayamba mkaka, nthawi imene mbalame sizikupatsa mpata ngakhale wokanda pamsana. Anati wabwera kudzandithandiza kuwinga. Ine ndinangoti zikomo, koma maso anga anali pachikwama. Munthu wobwera kudzacheza sanyamula bulangete ndi nsapato za kutchalitchi zomwe. Mwamuna wake sanamutchule, inenso sindinafunse. Mayi ake anamwalira iye ali wamng'ono, ndinamulera ndine, ndipo ndimadziwa kuti ukamufunsa molunjika amangokuonetsa mano oyera basi. Choncho ndinati ndidikire, ndione ngati banjalo lilipo kapena latha.

Munda wathu uli kudambo, kufupi ndi Chilwa. Tinkapita mame asanaume n'kukhala pansanja mpaka dzuwa kupendeka, kukoka zingwe za zitini ndi kukuwa mpaka mawu kusasa. Iye anabwera ndi kawailesi ka sola, kaja kolowetsa kakhadi ka nyimbo, n'kukapachika pamtengo wa nsanja. Akuti phokoso lake lithamangitsa mpheta.

"Mpheta za kuno sizinapiteko kutauni," ndinamuuza. "Zingovina."

"Zikavina ndiye bwino, anganga. Sizidya."

M'kakhadimo munali chimbale chimodzi chokha, cha mayi wina woimba ndi gitala wamagetsi. Tsiku loyamba ndinkangomva chigayo. Gitalayo amayamba ngati injini ikukana kulira, kenako ng'oma zimagwa ngati mvula pamalata, ndiye pakati pa zonsezo pamatuluka mawu a munthu wamkazi. Si mawu a kwaya ayi. Ndi mawu a munthu amene wangokangana kumene ndi wina, ndipo tsopano akudziseka yekha. Ankaimba Chichewa, mwina n'kuponyamo Chingelezi pang'ono, ngati mmene amayankhulira anamwino.

"Amamupekera ndani nyimbozi?" ndinafunsa.

"Amapeka yekha."

"Nanga gitalayo akumuimbira ndani?"

"Yekhanso."

"Ndiye mwamuna wake amakhala ali kuti iye akamakuwa chonchi?"

"Mukufuna mukamutole inu, mkazi mnzanga?" anatero, akuseka mpaka chingwe chinamupulumuka. Timatchulana choncho kuyambira ali kamwana, pamene malemu agogo ake aamuna ankamunena kuti ndi mkazi wawo wamng'ono.

Ine sindinakhulupirire. Zinthu zokoma chonchi zimakhala ndi mwini wake kuseri, amene akudyapo. Koma chimene chinkandivuta kumvetsa n'chakuti anthu ankakodwa. Mayi wamasiye wa munda woyandikana nafe, munthu woti amadana ndi wailesi kupatula za maliro, anayamba kukuwa kuchokera pansanja pake kuti, "Bwezeraninso ija ya basi ija!" Bambo wina wogula nsomba ankati akafika pamsewu wathu, tcheni cha njinga yake chimavuta tsiku lililonse, ndipo chimachira nyimbo ikatha. Tsiku lina ndinawafunsa mayi wamasiye aja kuti chimawakoka n'chiyani. Anati, "Amaimba ngati anandibisalira kuseri kwa nyumba." Ine apo ndiye ndinachenjera kwambiri. Munthu wodziwa za m'nyumba ya aliyense si woti n'kumupatsa mpando msanga.

Komabe khutu silitsekeka ngati diso. Posakhalitsa ndinadziwa ndondomeko ya nyimbozo ngati njira ya kutchalitchi. Imayamba ya mkazi amene wakwera basi osatsanzika. Imabwera ina yothamanga, yoseka mwamuna wobwereka suti kuti akafunsire, imene ngakhale ine phazi linkandigwedera pansi pa chitenje. Ndinazindikiranso kuti zimene ankachita mayiyo si zachilendo kwenikweni. Ife kale tinkaimba pamtondo, kumunena mwamuna ali pakhonde pomwepo, iye osayankha chifukwa ndi nyimbo chabe. Kungoti uyu mtondo wake ndi wamagetsi, ndipo dziko lonse lili pakhonde.

Ndiye panali chinthu china. Nyimbo ya suti ikatha, gitala ankayamba yekha pang'onopang'ono, ngati munthu woyenda chonyang'ama, ndipo nthawi yomweyo mdzukulu wanga ankadina kabatani, n'kulumphira ina. Poyamba ndinkati mwina siimusangalatsa. Koma tsiku lina anali pakati pa munda, matope m'mawondo, ndipo anathamanga kudzadina, akupuma mwawefuwefu, n'kunamizira kuti wadzamwa madzi. Tsiku linanso ine ndinali kumalire, kutali, ndikumanga chingwe choduka. Mphepo inandibweretsera gitala uja, ndipo sanadumphidwe. Ndinamuona atakhala chete pansanja, mpheta zikudya pafupi ndi mapazi ake. Apo ndinadziwa kuti nyimboyo saida. Amangofuna kuti ine ndisaimve.

Ndinaganiza zambiri. Mwina ikunena za mimba, kapena za mwamuna wina wa kumbali, kapenanso matenda. Kabatani sindinkakadziwa, ndipo kupempha munthu wina kuti andiyatsire kukanakhala kuitanira mudzi wonse. Ndinangodikira.

Mpata unapezeka wokha. Masana ena foni yake inalira, iye anayang'ana dzina, nkhope n'kuuma, ndipo anatsika kupita kuchulu kumene mawu amamveka bwino. Wailesi anaiiwala ikulira. Ya suti inatha. Ine sindinakhudze kanthu, ndinangopinda manja.

Nyimboyo inalibe mimba, inalibe chibwenzi. Inali ya mkazi amene wafika kwawo ndi chikwama. Amayi akuluakulu amuyalira mphasa, amuphikira, amusisita kumsana, akumuuza kuti apirire, kuti nawonso anapirira. M'mawa amuperekeza pa siteji, chikwama amunyamulira okha. Woimbayo sawatukwana ayi, mpaka amanena kuti manja awo anali ofunda. Kenako mawu amatha, n'kutsala gitala yekha akulira nthawi yaitali, mpaka ndinayang'ana wailesiyo kuti kapena yawonongeka.

Masiku onsewo ine ndinkamuzonda mwanayu, osadziwa kuti nayenso akundizonda. Ankaopa kuti ndikaimva, ndidziwa ntchito yanga n'kumunyamulira chikwama.

Anabwera gitala akumalizika. Anaima m'munsi mwa nsanja, foni ili m'manja, osakwera.

"Mwaimva?"

"Ndili ndi makutu."

"Amaimba uja ndi mwamuna wanga. Akuti ndibwerere Loweruka. Akuti auza kale amalume."

"Iwe ukuti bwanji?"

Anangotsitsa bulauzi paphewa pang'ono, ndinaona mabala a kumenyedwa, iye n'kubwezeretsa.

"Tamvera," ndinatero. "Mwamuna wako uja ine sindinamukhulupirirepo chibwerere. Anabwera kudzafunsira nsapato zikuwala, pamene anadutsa dambo lonseli. Ndinadziwa kuti anazipukuta kuseri kwa nkhokwe, ndipo munthu wotero amapukutanso zina. Amalume akowo ndi mwana wanga, ndikawauza ine zokanena kwa ankhoswe. Chikwama chako n'cholemera, ine msana unatha kale."

Anaseka, koma kuseka kwake kunali konyowa. Ndinamuuza kuti akwere, asaime ngati mlendo, ndipo ndinamulozera ndime ya kumunsi, kuyambira pachulu mpaka pamabango, imene inali ya mayi ake. Ndinati chaka chamawa adzawinge zake, asamadzandinamize kuti akundithandiza.

Tikuyankhula choncho, mpheta zinali zitatera mbali yonse ya kum'mawa, ndipo mayi wamasiye uja ankatikuwira kuti kodi tagulitsa mundawo. Tinakoka zingwe tonse awiri, zitini zinalira, mtambo wa mbalame unanyamuka n'kukagwera m'munda mwa mayiyo.

Za woimbayo, mpaka lero sindinatsimikize kuti amapekadi yekha. Ndinamuuza mdzukulu wanga kuti tsiku lina tikapita ku Migowi adzandionetse kanema wake, ndione zala zake ndi maso angawa. Koma tsiku limenelo, zingwe zitakhala bata, ndinamufunsa kuti kabatani kobwezera m'mbuyo ndi kati. Anandigwira chala n'kuchiika pamenepo.