Chaka Chimene Ndinachapa Majezi a Timu Yonse

Ukaputeni wa timu ya ntchemberembaye anandipatsa chifukwa ndinali wamkulu pa onse, osati chifukwa chodziwa mpira kuposa anzanga. Ndinali m'chaka chachitatu pa koleji ina mu Pretoria, ndili ndi zaka makumi atatu, mwana nditamusiya kwa amayi anga ku Lilongwe. Kochi tinalibe. Amene analipo anasiya ntchito sukulu isanatsegulidwe, ndipo akuluakulu a koleji anati tiziyendetsa tokha mpaka atapeza wina. Sanamupeze.

Timuyo inali ndi mwambo wake umene ndinaupeza. Atsikana a chaka choyamba ankachapa majezi a anthu onse, ankanyamula zigubu za madzi kuchokera ku geti, ndipo ankakhala pansi pa simenti, akalekale ali pa benchi. Pamsonkhano samayankhula. M'bwalo samalowa mpaka chaka chachiwiri, kaya munthu adziwe mpira bwanji. Nanenso ndinadutsa momwemo, ndipo chaka chotsatira ndinaponyera wina jezi yanga yathukuta mtima uli m'malo.

Chaka cha ukaputeni wanga kunabwera mtsikana wa ku Machinga, Msilamu, bambo ake ogulitsa nsapato m'tauni pafupi ndi pokwerera matekisi. Pa pulakatisi ankasewera atavala buluku lalitali ndi mpango kumutu, ndipo mpira ukafika m'manja mwake sumagwa. Tsiku lina m'mwezi wa Ramadani, dzuwa likuswa mtengo, ndinamuona akubwera ndi zigubu ziwiri, milomo itauma, atanyamula madzi amene iye sakanamwa. Anatula, nakhala pansi. Patatha sabata ziwiri anasiya kubwera, iye ndi anzake atatu.

Ndinakumana naye mu Sunnyside, dera lina la mu Pretoria momwemo, akutuluka m'shopu.

"Bwanji masiku ano sukuoneka?" ndinamufunsa.

"Achemwali, kuchapa ndimachapa kunyumba," anayankha mwaulemu. "Kuja ndinabwerera mpira."

Ndinachita zimene ndinkayesa kuti mtsogoleri amachita. Ndinakhala pansi n'kulemba malamulo, ndipo ndinawatumiza pa gulu lathu la pafoni: aliyense azichapa jezi yake, madzi tizinyamula mosinthana, wodziwa mpira azisewera. Palibe anayankha. Lachiwiri pa pulakatisi tinalipo anthu asanu. Akalekale onse sanabwere.

Amene ankamveredwa pakati pawo anali wogoletsa wathu, mtsikana wamtali wa ku Ntcheu. Ankakhala ndi amayi ake ku Garsfontein, mbali ina ya Pretoria, m'kachipinda kakuseri kwa nyumba imene amayiwo ankagwirako ntchito. Lamlungu ndinakwera tekisi kupita kumeneko. Tinakhala pa masitepe, amayi ake akusita zovala mkatimo.

"Eish, achemwali, inu mwangodzuka n'kulemba," anatero osandiyang'ana. "Ine ndinachapa chaka chathunthu. Nyengo yozizira, ndi manja awa. Amayi akuchapa za abwana mkati umo, ine ndikuchapa za timu panja pano. Lero yafika nthawi yanga yopuma, mukuti mwambo watha. Chaka changa chija andibwezera ndani?"

 Ndinali nditaganizira atsopano okha, ndipo malamulo aja sindinafunseko munthu ndi mmodzi yemwe.

Madzulo ake ndinalemba pa gulu kuti malamulo ndachotsa, ndinalakwa kusawafunsa, koma atsopano sachapanso. Majezi ndizichapa ine.

Mumtima ndinkati akalekalewo achita manyazi sabata isanathe. Sanachite. Anabwereradi ku pulakatisi, ndipo ena ankaponya majezi pamapazi panga akuseka. Lachiwiri ndi Lachinayi lililonse ndinkayenda ndi chikwama chonunkha thukuta mpaka ku fulati, pansanja yachisanu ndi chimodzi, chikepe nthawi zambiri chili chakufa. M'fulatimo tinkakhalamo anthu anayi. Ndinkachapira m'bafa nditagwada, anzanga akugogoda kuti akufuna kusamba, n'kuyanika pa waya wa pakhonde. Juni atafika manja anga anang'aluka, cholembera chimandivuta kugwira. Ntchito za m'kalasi zinayamba kundisiya m'mbuyo.

Ndinasiya kulamula, ndinayamba kufunsa. Pomaliza pulakatisi tinkaima mozungulira, aliyense anene chinthu chimodzi chimene chalakwika, kuyambira atsopano. Sabata zoyamba atsopanowo ankangoyang'ana nsapato zawo, ine n'kumadikira mpaka chete uja atativuta tonse. Mtsikana wa ku Machinga uja anabwerera nditapita kawiri kukamupempha, ndipo ndi amene anayamba kutsegula pakamwa. Anati timaponya mpira kwa anzathu ocheza nawo, osati kwa amene ali poyera. Panali kutsonya, koma palibe anamutsutsa.

Pa masewero ena wosewera wathu wapakati anabinya mwendo. Pa benchi panali akalekale awiri, koma ine ndinaloza wa ku Machinga uja kuti alowe. Anasewera bwino, komabe tinagonja. Awiri aja sanabwerenso ku timu, ndipo mmodzi, amene ndinkaphunzira naye kalasi imodzi, anasiya kundipatsa moni mpaka tinamaliza sukulu.

Linali Lachinayi lina mu Ogasiti, ndikutolera majezi, pamene wogoletsa uja anavula yake, naipinda, n'kuiika m'chikwama chake.

"Imeneyi ndikachapa ndekha," anatero. "Inu simutsukuluza bwino sopo."

Sabata yotsatira atatu ena anatengera zawo kunyumba. Ena sanasinthe mpaka ligi inatha, ndipo ndinawachapirabe. Pofika nthawi imeneyo sindinkakwiyanso. Ndinkangofuna chaka chithe.

Mu ligi tinamaliza kufupi ndi kumunsi. Phunziro limodzi ndinalephera, ndipo ndinayenera kulibwereza. Nditaimbira amayi kuwauza kuti kubwera kwanga kuchedwako, anati, "Mpira umenewu ndi umene unapitira ku Joni?" Mwana wanga anakana kubwera pa foni tsiku limenelo.

Posankha kaputeni wina, ndinapempha kuti a chaka choyamba nawonso aponye voti, ndipo palibe anakana. Anasankha wogoletsa wa ku Ntcheu. Pansi pa iye atsopano ankasewera, ankakhala pa benchi ndi anzawo, ndipo majezi aliyense ankachapa yake. Zigubu za madzi zokha zinatsalabe kwa a chaka choyamba. Ndinamva, koma sindinapiteko kukalimbana nazo.

Tsiku lina kaputeni watsopanoyo anandipeza mu laibulale ndili pa phunziro lobwereza lija. Anaima pambali pa tebulo, chikwama cha mipira chili paphewa.

"Achemwali, kwabwera atsopano asanu ndi atatu, ndipo akale akundivuta. Mungabwereko Lachiwiri mudzandithandize?"

"Mayeso akatha," ndinamuuza.

Anagwedeza mutu, natuluka. Mayeso anatha, ndinakhoza, koma ku bwalo sindinapite. Lachiwiri limenelo ndinagona masana onse.