Kagetsi Kofiira ndi Tepi ya Achimwene

Ku Biwi kuli mankhwala amodzi a kagetsi kalikonse kovuta pa dashibodi: tepi yakuda. Umamata pamwamba pake, mwini galimoto osakaonanso, nkhani yatha. Ndinazipeza choncho m'galaja ya achimwene anga nditamaliza kosi ya zamagetsi a galimoto. Achimwene ndi makaniko weniweni, injini amaimva ndi khutu basi. Koma mapepala anga ankawaseka, ndipo chaka chathunthu ntchito yanga inali kusintha mababu ndi kutchaja mabatire. Kwa makasitomala ndinali "mlongo wanga, amatithandizako." Mawu amenewa ankandiwawa.

Lolemba lina kunabwera bambo wina wa ku Nsungwi, mkulu wa mpingo, atavala tayi dzuwa likuswa mtengo. Loweruka achimwene anali atamusinthira raki, chitsulo chimene chimakhotetsa matayala ukapotoza chiwongolero. Galimoto inkakhota bwino, koma kagetsi kofiira ka eyabagi, chikwama chija chimafufuma pangozi, sikankazima. Lachitatu anali ndi ulendo wa ku Rumphi ndi banja lonse.

"Musadandaule, abambo," anatero achimwene. "Kompyuta yangosokonezeka. Kamweni kaye tiyi, mudzapeza kazima."

Bamboyo atangokhota pakona, achimwene anatulutsa tepi m'thumba la ovolosi. Ndinapsa mtima.

"Achimwene, ndipatseni ola limodzi."

"Iwe, za m'mabuku zakozo pano ayi."

"Mukamata, ndikawauza ndine."

Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Kenako anandiponyera kiyi n'kukakhala pa tayala, manja atapinda.

Makina oyezera tinalibe. Ndinaona mafyuzi, onse abwino. Ndinagwada n'kugwedeza mapulagi achikasu pansi pa mipando, palibe lotayirira. Thukuta linali kamukamu, ndipo ndinayamba kuopa kuti ndadzichotsa ulemu pachabe. Podzuka ndinatsamira chigongono pakati pa chiwongolero. Kunali zii. Ndinadinanso ndi dzanja, hutala osalira.

Pamenepo m'maso munayera. Waya wa hutala ndi wa eyabagi amadutsa m'kalamba kamodzi kopyapyala kuseri kwa chiwongolero, kokulungidwa ngati tepi ya telala. Kamalola kuzungulira pang'ono chabe uku ndi uku. Raki ikachotsedwa palibenso choimitsa chiwongolero, ndipo ukachizunguza kalambako kamaduka. Ndinachotsa batire, kudikira pang'ono, n'kumasula chiwongolero. Kanali kataduka ndithu.

Ndiye ndinakumbukira za Loweruka. Kwathu galimoto imene ili pa majeki ndiye pabalaza, aliyense amathawiramo dzuwa. Masana amenewo tinkamvera mpira pa wailesi ya galimoto yomweyi, achimwene ali pampando wa dalaivala. Timu yawo itagoletsa anazunguza chiwongolero maulendo osawerengeka, ife tikufa ndi phwete. Inenso ndinaseka nawo, sindikana.

Ndinangowaikira achimwene kalambako m'manja. Anakatembenuza kawiri, n'kukanda m'mutu.

"Chigoli chija," anatero chapansipansi.

Anapita okha kwa ogulitsa zida za galimoto zophwasulidwa n'kubwera ndi kena. Ndinakapotoza mpaka kumapeto, kuwerenga pobwerera mpaka pakati penipeni, n'kumanga, matayala atawongoka. Nditatembenuza kiyi kagetsi kanayaka, kenako kanazima. Hutala inalira mpaka mayi wokazinga tchipisi kutsidya kwa msewu anatembenuka.

Mwini galimoto atafika ndinayamba kupukuta masipanala, khutu lili komweko. Ndinkayembekeza kumva za kompyuta zija.

"Abambo, ndinakunamizani," anatero achimwene. "Waya ndinadula ndine, ndipo mukanapita ku Rumphi eyabagi ili yakufa. Wapeza vuto ndi kukonza ndi uyu. Zamagetsi pano mwini wake ndi iyeyu."

Bamboyo anandigwira dzanja ndi manja awiri, girisi ndi girisi yemwe. "Yewo chomene, amama," anathokoza m'Chitumbuka. Ndinanyada, ndipo sindinabise. Tsiku lonse ndinkayenda ngati Biwi yonse ndi yanga.

Papita zaka, ndipo chiwongolero chilichonse m'galaja mwathu chimamangidwa ndi lamba wa pampando raki isanakhudzidwe. Amamanga ndi achimwene, ngakhale pa tsiku la mpira. Kagetsi kakayaka pa dashibodi salowetsanso dzanja m'thumba. Amangotembenuka n'kuuza kasitomala kuti, "Dikirani amisiri abwere."