Mayi a Zipi Apita Kukaona Fakitale

Matelala onse a mumsewu umenewo ankagula kwa Mayi a Zipi. Shopu yawo inali yopanikizika, pakati pa wokonza mafoni ndi wometa tsitsi, koma munali chilichonse chimene wosoka angafune: ulusi, mabatani, singano za makina, choko cholembera nsalu, ndi zipi zamitundumitundu zolendewera kudenga moti wamtali ankalowa chowerama. Geniyi anaiyamba ndi katebulo ka pakhonde ali mtsikana, ndipo tsopano imvi zinali zitayamba kusuzumira m'mphepete mwa duku.

Chaka chimenecho katundu anawachititsa manyazi. Zipi zimene ankaitanitsa kunja kudzera mwa munthu wina wapakati zinayamba kubwera zosagwirana mano. Tsiku lina telala wa madiresi aukwati analowa nkhope ili gwa.

"Mayi, mkwatibwi wanga walowa m'tchalitchi atamumanga ndi mapini kumsana. Ine nkhope ndiiloze kuti?"

Nkhaniyi itamupeza mnzawo wogulitsa matailosi, amene ankapita kutsidya kwa nyanja chaka ndi chaka, anaseka mpaka kugwira khoma.

"Inunso asisi, mudzasiya liti kugula katundu pachithunzi? Tiyeni limodzi ulendo uno. Mukaone fakitale ndi maso anu, mukakoke zipizo ndi manja anu."

Zokonzekera zinayamba. Mwana wawo wamkazi, yemwe anali pabanja kutsidya lina la tauni, ndiye ankalemberana ndi mafakitale angapo ndi kupangana nawo masiku. Mnzawo uja anapeza womasulira chilankhulo ndi hotela yoyandikana ndi siteshoni ya sitima, n'kuwabwereka jekete lolemera ngati bulangeti. Pasipoti inatuluka, mapepala a viza anapita. Mayi a Zipi eni ake anasonkhanitsa zipi zoipa zija m'kathumba kuti akawaonetse azifakitale zimene sakuzifuna. Koma mnzawo akati tiyeni tikagule matikiti, iwo ankangoti, "Sabata yamawa."

Vuto linali kunyumba. Amayi awo owabereka anali okalamba kwambiri, ndipo mutu unali utayamba kuwathawa. Ankaiwala mayina a ana awo, ankafunsa za anthu amene anamwalira kalekale. Chakudya ndi mankhwala ankalandira m'manja mwa Mayi a Zipi okha. Wina akabweretsa ankatseka pakamwa n'kuyang'ana kukhoma. Chibwerereni gogoyo pakhomopo, Mayi a Zipi anali asanagoneko kwina.

Amuna awo, amene anapuma pantchito yoyendetsa basi, anali munthu wosachulutsa mawu. Anawayang'ana akupinda ndi kupindula jekete lija, kenako anati:

"Amayi, ife basi ikachoka kugalaja tinkayamba taizungulitsa yopanda anthu. Kagoneni kwa mwana wanu Loweruka lino. Mlamu wanga, mng'ono wanu uja, abwere adzathandize zowasambitsa, zinazo mundisiyire. Tione."

"Inu? Tiyi yemwe mumachita kufunsa kuti shuga ali pati."

"Ndiye mundionetseretu."

Anapita, koma mtima unatsala. Kwa mwana wawo sanakhazikike: foni m'manja, khutu kumsewu. Ataimba masana, mng'ono wawo anayankha mosabisa kuti gogo akana kudya ndipo ataya kapu ya madzi. Mayi a Zipi anayamba kufunafuna nsapato zawo.

"Amama, khalani pansi," anatero mwana wawo. "Mukakhala kutsidya kwa nyanja mudzathamanganso chonchi?"

Anakhala pansi, koma mumtima anali atagamula kale kuti ulendo wafa.

Lamlungu masana anabwerera kwawo akukonzekera kukapeza maliro a mbale zosweka. Atatsegula geti anaima. Pakhonde panali mipando iwiri, wina kutsogolo wina kumbuyo. Pa wakutsogolo panakhala amuna awo atavala chipewa chawo chakale chakuntchito, atagwira chivundikiro cha poto ndi manja awiri. Pa wakumbuyo panakhala gogo, kachikwama pamiyendo, mbale ili mbee pambali pawo.

"Adalaivala, tifika nthawi yanji?" anafunsa gogo.

"Tatsala pang'ono, amayi. Imwani mankhwalawo tisanafike pamabampu."

Gogo anameza mapiritsi bwinobwino, n'kubweza kapu. Atatembenuka anaona mwana wawo, Mayi a Zipi, ali chilili.

"Mayi inu, mwakwerera pati? Khalani apa, malo alipo. Musaime, muvulala."

Mayi a Zipi anakhala pansi pakhondepo. Anayamba ndi kuseka, koma kusekako kunathera m'misozi, moti mng'ono wawo anachita kuwabweretsera madzi.

Amuna awo anafotokoza pambuyo pake. Dzulo lake, zonse zitakanika, anavala chipewa kuti akagule buledi. Gogo atangochiona anafunsa ngati basi yakumsika yanyamuka kale. Pa utsikana wawo ankayenda m'mabasi kukaoda nsalu, ndipo mawu a dalaivala sankawatsutsa.

"Ndiye ndinangoti kwerani," anatero bamboyo akuvula chipewa. "Koma mkono wanditopa. Msewu wa apongozi angawa ndi wautali."

Kanthu kena kanawabaya pang'ono Mayi a Zipi, poona kuti manja awo sanali okhawo amene mayi awo angadyeremo. Koma mapewa anapepuka ngati atula mtolo umene anaiwala kuti ausenza. M'mawa mwake anafika kwa wamatailosi shopu isanatsegulidwe n'komwe.

"Tiyeni tikagule matikiti aja ndisanasinthe maganizo."

Viza inatuluka, ndipo anapitadi. Fakitale yoyamba inali yaikulu ngati tauni, koma eni ake analibe nthawi ndi munthu wa oda yaing'ono. Kwina anawalandira ndi tiyi wambiri ndi katundu wosalimba. Imene inawagwira mtima inali yaing'ono, kuseri kwa nyumba zosungiramo katundu, ya mayi wina wamsinkhu wawo wovala magalasi pamphuno. Mayiyo anatenga zipi imodzi ya m'kathumba kaja, anaikoka kamodzi, n'kuiponya m'bini osadikira womasulira. Kenako anatulutsa zake. Mayi a Zipi anazikoka, anazipinda, anazikokanso mwankhanza, mano ake osasuntha. Awiriwo anayang'anana n'kugwedezerana mitu.

Atatuluka panja anaimba kunyumba. Foni inaitana nthawi yaitali.

"Zikuyenda bwanji kumeneko, abambo?"

"Bwinobwino. Adya, asamba. Koma imbani nthawi ina, tili pamsewu."

Chapatali anamva mawu a mayi awo akukalipira dalaivala kuti asamayankhule pafoni akuyendetsa. Anadula, n'kumangirira bwino jekete lobwereka lija. Kunja kunkazizira koopsa, ndipo kwa nthawi yoyamba chifikireni m'dzikolo anamva njala yeniyeni.

"Asisi," Mayi a Zipi anaitana mnzawo uja, "tafunsani womasulirayu kumene anthu amadyera kuno."