Kambalame ka linthumbu

Ndikakumbukira agogo aamuna, ndimamva fungo la palafini wa pulayimasi m'kachipinda kathu ku Troyeville, iwo atakhala pa kreti akupala matope a kuntchito ku Midrand kunsapato, mlomo uli tswii kuimba likhweru. Ankatengera kambalame ka kwawo ku Thyolo, kamene ine wobadwira ku Joni ndinali ndisanakaonepo.

"Kamsana kofiirira, kumimba mbuu," ankatero. "Kamanyazi ngati mkamwini watsopano. Sikatuluka m'nkhalango yowirira, kamangolondola linthumbu pansi n'kumatola tizilombo tothawa."

Ine pakamwa sipankatseka. Ndinauza ana onse a mumsewu mwathu kuti kwathu kuli mbalame yoimba kuposa wailesi. Mnzanga Sipho anati ndi bodza, ndiye agogo popita kumudzi ndinawakakamira kuti akaijambule mawu pa foni. Analonjeza.

Atabwerako ndinasonkhanitsa gulu lonse pakhonde. Agogo anazengereza, akuti batire, akuti mawa, koma ine ndinatsomphola foniyo n'kutsegula. Kanaimba bwinobwino, kawiri, katatu, ana onse ziii. Kenaka kambalame kaja kanatsokomola chifuwa cha fodya.

"Hawu, ngumkhulu lo!" anakuwa Sipho, kuti awa ndi agogo ako, ndipo onse anagwa nacho chiseko. Ndinalakalaka pansi patang'ambika. Ndinalowa m'nyumba ndikulira, n'kuwafunsa chifukwa chake anandichititsa manyazi chotere.

Anayankha maso ali pansi.

"Mdzukulu wanga, nkhalango ija kulibe. Ndinayenda phiri lonse, zitsa zokhazokha ndi mauvuni a makala. Ndinaima pachitsa n'kuimba ndekha."

"Anadula ndani?"

"Ambiri. Koma makina ochekera mitengo aja ndinagula ku Marlboro n'kutumiza pa basi kwa amalume ako, unkayesa ndi a chiyani?"

Ndinawakumbukira makinawo. Ndinathandiza nawo kuwakulunga m'bulangete, tonse tikusangalala kuti kumudzi njala yatha.

Kuyambira tsiku limenelo agogo sanaimbenso likhweru mpaka anamwalira. Manyazi a pakhonde aja anatha msanga, ana saumirira nkhani. Amene ndili nawo mpaka lero ndi ena. Mwana wanga akandifunsa kuti kwathu kuli mbalame zanji, ndimamuuza za msana wofiirira ndi linthumbu. Akati ndimuimbire, ndimanena kuti sinditha, pamene nyimboyo ndimaidziwa yonse.